Mutu wa Mwana Si Khoma

27 Malichi

Amake ana,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko, nanga bondo lanu lija? Ine kuno ndili bwino. Msana wokha ndiwo umandikumbutsa zaka m'mawa, koma ukangomva fungo la penti umakhala chete. Mzime wathu nayenso akupereka moni.

Akulemba kalatayi ndi Atelala a chipinda choyandikana ndi chathu, munthu wa msinkhu wanga. Ndawauza kuti alembe mawu anga momwe akutulukira, asawasite ngati malaya. Akamaliza andiwerengera, ndiye chimene mukuwerengachi ndachimva ndi makutu anga.

Nkhani zilipo ziwiri. Yabwino ndi iyi: mwana wanu waitanidwa kukayesedwa ntchito ku saluni yeniyeni, ya magalasi oyambira pansi mpaka kudenga, pa 16 Meyi. Mwini wake ndi mayi wina wosaseka wamba. Anaona mutu wa kasitomala amene mwanayu anamukonza m'chipinda mwathu muno, ndiye anafunsa kuti manja amenewa ndi a ndani. Mpando ndi umodzi, oufuna ndi ambiri, ndipo akuti mayiyo saitana munthu kawiri. Akapambana, asiya kukolopa m'maofesi. Zaka zitatu akukolopa, amake ana, kwinaku akukonza mitu ya anthu pakati pa bedi ndi mbaula. Inu mukudziwa kuti sitinamulerere chikolopa.

Nkhani yachiwiri ndi yaing'ono, musathamange nayo mtima. Anaterereka pa masitepe onyowa kuntchito kwake, ndiye dzanja lamanja lili mu chikhakha. Adokotala akuti achotsa pa 8 Meyi. Akudya bwino, akulongolola bwino.

Ndatumiza kenakake kudzera kwa dalaivala wa basi uja. Mugule malata awiri a pakhonde, koma okhoma akhale mlamu wanu, osati munthu wa chaka chatha uja wokhoma misomali ngati akuopa kuipweteka.

Za chithunzi cha mwana mwapemphazo, tidikire kaye pang'ono.

Ndine mwamuna wanu,
wopenta nyumba za eni ake.

6 Epulo

Amake ana,

Moni wanga ndi wa mwana wanu ukupezeni muli bwino. Kalata yanu yafika. Atelala andiwerengera kawiri, chifukwa koyamba anaiwerenga mofewa kuposa momwe munailembera. Ndakondwa kuti bondo likuchepako. Pitirizani kulithowa.

Dalaivala uja pakamwa pake ndi ngati chitseko cha basi yake. Koma sananame. Inde, tsitsi la mzime wathu ndi loyera mwachikasu, ngati ndevu za chimanga chanthete, ndipo likufika m'mapewa. Analisintha chaka chatha. Sindinakuuzeni chifukwa ndinkafuna ndiyambe ndazolowera ine. Tsiku loyamba ndinamufunsa kuti, "Kodi ndi mwana wa ndani walowa m'nyumba mwangayu?" Iye anati, "Wanu, ababa, taonani mphuno." Sabata yathunthu ndinkalankhula naye ndikuyang'ana mapazi ake. Koma ndikuuzeni zoona, zimamukhala. Makasitomala ake ambiri amabwera chifukwa cha mutu umenewo. Ndicho chikwangwani chake.

Tsitsi lotere lili ngati mwana wobadwa masiku asanakwane. Mankhwala oliyeretsa amalichotsa mphamvu, ndiye limafuna kulera. Popeza dzanja lili mu chikhakha, manja ake tsopano ndi ine. Lamlungu masana amakhala pa ndowa yovundikira, khosi atatsamiritsa pa mpando, ine ndikumuthira madzi. Madziwo asatenthe, angofunda ngati osambitsira khanda. Sopo wochapira ndi woletsedwa. Pali shampu wake wa mtundu wa pepo, kabotolo kakang'ono koma mtengo wa nkhuku ziwiri. Ndinamufunsa kuti pepo wa chiyani pa mutu woyera. Anati, "Amapha chikasu chonyansa chija, ababa." Apo ndinaseka. Zaka makumi anayi ndakhala ndikudonthezera pepo mu penti yoyera kuti isaoneke ngati dzino la wosuta fodya, lero mwana akundiphunzitsa. Ndinamuuza kuti ntchito yake ndi yanga ndi zapachibale. Iye anati, "Mphindi zitatu zokha, musayambe ulaliki, mundisandutsa biringanya."

Tikatsuka timapaka mafuta ofewetsa, kupukuta ndi sikipa yakale osati thaulo, kenako kupesa ndi chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kukwera m'mwamba. Chowongolera tsitsi chamoto chija ndachibisa pamwamba pa kabati, poti akuti moto ndi mdani wake koma mwini wakeyo amaiwala. Atelala amusokera chovala cha pilo cha nsalu yoterera kuti tsitsi lisamathothoke akagona.

Mutu umenewu ndinaugwira komaliza ali ndi zaka zisanu, pamene ankatentha thupi muja. Kachipsera kaja kuseri kwa khutu kadakalipo.

Mbuzi ya bere ija musagulitse, kaya abwere ndi mawu okoma bwanji.

Ndine wanu.

17 Epulo

Amake ana,

Ndikukhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi onse a pakhomo. Ife kuno tili bwino. Akapitawo andichotsa pa makwerero, akuti ndizipenta zitseko ndi mafelemu a mawindo. Iwo akuti ndi ulemu. Ine ndangoti zikomo.

Mwafunsa ngati mwana ali ndi manyazi ndi mutu umenewo. Alibe, ndipo inenso ndilibe.

Tamvani zimene zachitika Loweruka. Pamwamba pathu pamakhala Anesi, mayi wa thupi lake, kasitomala wakale wa mwanayu. Anali ndi phwando la kuntchito kwawo, ndiye anabwera kuti awakonze kumaso. Mzime wathu anawapaka zonse ndi dzanja lamanzere, choyamba chamadzimadzi chofanana ndi khungu, pamwamba phaudala. Ine ndinati, "Imeneyo ndi andakoti, penti yoyamba ija." Iye anati, "Ababa, gwirani galasi, pakamwa mutseke." Koma atafika pa nsidze, dzanja lamanzere linakana. Ina inakwera phiri, ina inatsikira kudambo. Anafufuta kawiri, ndipo Anesi anayamba kuyang'ana wotchi.

Ndinati, "Tandipatsa kapensuloko." Onse awiri anandiyang'ana ngati ndapempha mfuti. Ndinawauza kuti ine ndimadula mzere pakati pa khoma ndi denga popanda tepi, ndipo palibe mwini nyumba anandibwezapo. Ndinatsamiritsa kachala kakang'ono pa tsaya lawo monga ndimachitira pa felemu, ndinagwira mpweya, ndinakoka. Nsidze ziwiri ngati mapasa. Ndinawonjezera ndi kamzere kakuda ka pachikope. Anesi anadziyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Madala, mwataya zaka zanu pa makoma." Atelala akuseka, koma alemba, chifukwa ndi zoona.

Tsopano za mayeso. Mwanayu anapita ku saluni kukatenga pepala la malamulo. Aliyense akuyenera kubwera ndi munthu wake woti amuyeretse tsitsi pamaso pa mwini saluni, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anesi avomera kukhala munthu wakeyo. Koma mwini saluni uja anayang'ana mutu wa mwanayu n'kunena kuti, "Satifiketi yako ndi mutu wakowo. Usabwere ndi mizu yakudayo." Tsitsi limakula, amake ana, ndiye kutsinde kwamera lakuda lotalika ngati zala ziwiri. Liyenera kuyeretsedwa msanga kuti khungu lipume tsikulo lisanafike. Iye sangakweze dzanja, ndipo safuna kupita kwa anzake a ntchitoyi poti ena mwa iwo akufuna mpando womwewo.

Wapempha ine. Lamlungu likubwerali. Muwauze achemwali anu kuti mwamuna wanu wayamba ntchito ya saluni.

Ndine wanu wonyada.

24 Epulo

Amake ana,

Moni. Tili moyo tonse awiri, palibe wadwala.

Ndalandira uthenga woti malata akhomedwa. Zikomo. Mumuthokoze mlamu.

Kuno kwayamba kuzizira. Mwana akuvala mpango kumutu masiku ano, ngakhale m'nyumba. Chakudya changa ndikumachipeza chovundikira pa tebulo. Ndikumadyera kwa Atelala.

Akundifunsa ngati ndili ndi mawu ena. Ndilibe lero.

Muzimupempherera mwana wanu.

Ndine wanu.

3 Meyi

Amake ana,

Moni wochokera kwa ine. Ndikukhulupirira kuti bondo silinabwerere. Mwalemba kuti kalata yanga inali yaifupi ngati mchira wa mbuzi, ndipo munthu wolongolola akafupikitsa mawu ndiye kuti waswa mbale. Mumandidziwa. Ndawauza Atelala kuti alembe pang'onopang'ono, ndipo asandichepetsere mlandu.

Lamlungu lija anasakaniza yekha mankhwala, ufa ndi madzi ake oyera, mu kambale ka pulasitiki. Anandiveka magolovesi. Anandiuza katatu kuti, "Pakuda pokha, ababa. Pomwe payera kale musafikepo." Ndinati ndamva. Kutsogolo, kumene ankaona pa galasi, ndinachita monga ananenera. Koma nditafika kunkhongo ndinaona malire a chatsopano ndi chakale. Amake ana, wopenta aliyense amadziwa kuti khoma sulipaka chigamba. Ukapaka pomwe pada pokha, likauma chigambacho chimaonekera kwa munthu ali kumsewu. Umayambira pangodya kukafika pangodya. Komanso mu kambale munatsala mankhwala, ndipo chosakaniza kale sititaya. Ndinati mumtima, mwanayu akudziwa tsitsi, koma bulashi ndi yanga. Ndinakoka mpaka kunsonga, nkhongo yonse ndi m'mbali, mosalala bwino. Iye ankayang'ana nthawi pa foni, akundiyamikira kuti dzanja langa ndi lopepuka.

Sindinkadziwa kuti tsitsi loyeretsedwa kale silipirira mankhwalawo kachiwiri. Potsuka linayamba kutamuka m'zala zanga ngati chingamu, kenako kutsalira m'manja. Ndinkangothirabe madzi, ngati madziwo alibwezera. Anaona yekha mu beseni.

Sanakuwe. Anati, "Ababa, munafika kunsonga?"

Ndinati, "Chigamba chikanaoneka."

Anati, "Ndine khoma ine?"

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandilankhula kwa masiku khumi ndi limodzi. Ankandiphikira ndi dzanja limodzi, ankandiikira madzi osamba, koma mawu ayi. Bola akanandilalatira.

Dzana anaitana Atelala ndi sizasi yawo yodulira nsalu. Anakhala pakati pa magalasi awiri akuwauza podula. Lonse lofika m'mapewa lija lapita. Latsala lalifupi ngati mfundo ya chala, loyera ndithu, poti kumizu kokha ndiko ndinagwira bwino. Ndinasesa ndine. Ndikusesa ndinamuuza kuti, "Ndinalakwa, mayi. Unandiuza katatu." Chibadwire sindinanenepo mawu amenewa kwa mwana. Iye anati, "Mwasiya lina pansi pa bedi." Ndinalowa pansi pa bedi ndi msana wangawu, ndipo sanandiletse.

Musamulembere zomulimbikitsa kuti tsitsi limamera. Akudziwa. Mukafuna kukalipa, kalipirani ine, adiresi ndi yomweyi.

Ndine mwamuna wanu.

12 Meyi

Amake ana,

Moni kwa inu ndi onse. Kalata yanu ndaimva yonse. Atelala safewetsanso, ndinawaletsa. Zonse mwanenazo ndi zoona, kupatula zoti mutu wanga ndi wouma kuposa wa malemu bambo anga. Pamenepo ndiye mwawonjeza.

Chikhakha achotsa. Dzanja latuluka lowonda ngati la mwana wa sukulu, koma zala zikuyenda. Akumafinya sokosi yokulunga tsiku lonse kuti mphamvu ibwerere.

Koma Lachisanu Anesi anatsika kudzamuona, ndipo anamupeza alibe mpango. Anakhala pang'ono, anayamikira kuti lalifupi likumukhalanso. Madzulo ake anatumiza uthenga kuti kuntchito awasinthira masiku, pa 16 sapezeka. Sindikuwada. Inenso nditaona nyumba ya wopenta ikusendeka, yanga sindingamupatse. Mwanayu anaimbira makasitomala ena anayi. Nkhani inali itawapeza kale. Wina mwana wadwala, wina apongozi abwera.

Dzana ndikuchokera kuntchito ndinamupeza akusita yunifolomu yake yokolopera. Anati, "Sindipita, ababa. Popanda munthu salowetsa." Anazinena mosalira, ngati akunena mtengo wa mchere.

Ndinavula chipewa, ndinadziyang'ana pa galasi lake lija. Kenako ndinamufunsa kuti, "Pa pepala lawolo analemba kuti mutu wake ukhale wa mkazi?"

"Sanalembe."

"Analemba zaka?"

"Ababa, mukufuna kunena chiyani?"

"Ndikuti mutu ulipo pano, ukungonyamula chipewa."

Anaika simbi pansi. Anaseka, koyamba chichitikire zija, mpaka kukhala pa bedi. Kusekako kunathera kwina, ndiye ndinayang'ana pawindo kuti amalize. Atapukuta m'maso anati, "Kuntchito kwanu akakusekani."

"Akaseka akhuta."

"Zimawotcha khungu."

"Dzuwa la padenga landiwotcha zaka makumi anayi."

Anabwera n'kuyamba kufufuza m'mutu mwanga ndi zala. Anati mutu wanga ndi wovuta, theka imvi theka lakuda, ndipo ziwirizi sizimva mankhwala mofanana. Ndinati ndiye bwino, mwini saluni aone kuti sunasankhe chophweka. Wandipaka pang'ono kuseri kwa khutu kuti aone ngati khungu langa likugwirizana nawo. Wandiletsa kusamba m'mutu mpaka tsikulo, kukanda, ndi kudzola mafuta anga aja. Ndikumvera zonse, ngakhale zimene sindikuzimvetsa.

Amake ana, seda yanga ija, kamzere ka m'tsitsi langa, munkati ndiyo inakukopani. Ndikupempha chilolezo chanu, ngakhale ndikudziwa kuti kalatayi ifika zitachitika kale.

Ndine wanu.

19 Meyi

Amake ana,

Ndikupatsani moni ndi mtima wopepuka. Muli bwanji? Ife tili bwino. Khalani pansi, bondolo lipume, chifukwa ndinena zonse mwa dongosolo.

Ndinapempha tsiku kwa akapitawo, ndinavala jekete. Oyesedwa analipo anayi. Anzake atatu anabwera ndi atsikana a tsitsi lalitali, onunkhira. Pa mpando wachinayi panakhala ine. Mwini saluni anaima kumbuyo kwanga, manja m'chiuno.

"Awa ndi ndani?"

"Ababa anga."

"Avomera okha?"

Ndinati, "Ndabwera ndi miyendo yanga, mayi."

Mwana anandifunditsa nsalu yakuda mpaka m'khosi. Anagawa tsitsi panayi. Anayamba ndi malo akuda, imvi anazisiyira kumapeto. Ankabwera mphindi zingapo zilizonse, kupukuta katsitsi kamodzi, kuyang'ana, kubwezera. Ananena zoona, zimawotcha. Zinali ngati linthumbu lamanga msasa m'mutu mwanga. Mtsikana wa mpando woyandikana nane ankangoti mayo, mayo. Ine ndinkawerenga matailosi a pansi, ndipo ndinapeza awiri oikidwa mokhota.

Atatsuka, mutu unali wachikasu ngati mwanapiye. Koma anapakanso mankhwala ena opha chikasu, anadikira, anatsuka, anaumitsa ndi mpweya wozizira. Atanditembenuzira ku galasi ndinaona mkulu wina wooneka ngati ali ndi galimoto ziwiri. Seda anandibwezera pamalo pake.

Mwini saluni anayenda mipando yonse. Atafika pa ine anapesa mobwerera, anakoka katsitsi kuti aone ngati kaduke, anapinda makutu anga onse awiri ngati akugula mbuzi. Kenako anayang'ana mwana wanu n'kufunsa kuti, "Nanga lako lalitali lija lili kuti?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Mwanayu anandikanikiza phewa ndi dzanja lodwala lija. Anati, "Ndinapatsa munthu bulashi, kunkhongo osayang'anako. Mankhwala ndinasakaniza ndine, woyenera kuyang'anira ndinali ine."

Mayi uja anayang'ana iye, anayang'ana ine. Ndikuganiza kuti anadziwa munthu wa bulashiyo, poti nkhope yanga sinabise. Anati, "Aliyense muno anadulapo tsitsi la munthu ndi mankhwala. Ambiri amanamizira botolo. Lolemba ubwere ndi zipeso zako."

Amake ana, mpando ndi wake. Wayamba lero. Yunifolomu yokolopera wakabweza yekha.

Ine ndinapita kuntchito chipewa chili m'thumba. Akapitawo anati, "Madala, mwagwera mu ndowa ya penti?" Wina anati bwana mwini nyumba wafika, aliyense aimirire. Ndinawasiya aseke mpaka anatopa. Pa nthawi yopuma, mmodzi wa oseka kwambiri anabwera pambali kudzafunsa kuti saluniyo ili pati, akuti akufunsira mkazi wake.

Tchuthi changa ndi cha mu Disembala. Mwana akuti pofika nthawiyo lakuda ndi imvi zikhala zitamera, ndiye adzangondimeta loyerali kuti ndidzafike kwanu ngati munthu. Ndamukaniza. Ndamuuza kuti azindikonza mwezi ndi mwezi mpaka tsiku lokwera basi, kaya ziwotche bwanji. Chithunzi sichikwanira. Ndikufuna mudzagwire ndi manja anu, muone ntchito ya mwana wanu.

Ndine mwamuna wanu yemwe uja. Pa siteji musadzandipitirire.